Mgodo wa Achopi m'makomboni a ku Joni

Anzathu, ulendo uno tiyeni tipumuleko pa nkhani za masitalaka ndi malamulo a mapasi, tikambeko za nyimbo. Wina asafulumire kunena kuti tasochera, chifukwa anthu amene tikambe za iwowa ankatsika m'kheji ngati ife, ankagona pa mabedi a simenti m'komboni, ndipo ambiri a iwo anagwira ntchito limodzi ndi agogo athu amene anabwera kuno pa Wenela. Anthu ake ndi Achopi a ku Mozambique, ndipo gule wawo wotchuka dzina lake ndi mgodo. Inde, mgodo, osati mgodi. Mawu awiriwa angofanana mwangozi, koma mbiri inawakumanitsa, moti kwa zaka zambiri ukafuna kuona mgodo wabwino unkatha kuupeza pa mgodi.

Chomwe chatikopa pa anthu amenewa ndi kapangidwe ka nyimbo zawo. Gulu la anthu 20, 30 kapena kuposa, oyimba ndi ovina, linkapanga chinthu chotalika pafupifupi ola lathunthu, chokhala ndi zigawo ngati khumi, popanda pepala, popanda manotsi, popanda munthu woima kutsogolo n'kumagwedeza kamtengo. Zonse zinkadutsa m'khutu. Ndiye funso lathu n'lakuti, zinkatheka bwanji, makamaka m'malo ngati komboni?

Kwawo kwa Achopi ndi kum'mwera kwa Mozambique, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, makamaka m'boma la Zavala, chigawo cha Inhambane. Amene munakwerapo basi yochokera ku Maputo kulowera kumpoto pa msewu wa EN1 munadutsa pa tauni ya Quissico. Likulu la Zavala ndi pomwepo. Zoyimbira zawo amazitcha timbila, chimodzi n'kumati mbila. Ngati munaonapo valimba ya ku Nsanje ndiye kuti chithunzi muli nacho kale: matabwa oyalidwa mondondozana, zigoba kunsi kwake, munthu n'kumamenya ndi timitengo tiwiri ta mphira kunsonga. Si za dzulodzulo ayi. Wansembe wina wa Chipwitikizi, André Fernandes, anazitchula kale m'makalata ake a zaka za m'ma 1560, Johannesburg asanaganiziridwe n'komwe.

Anthuwa anaona mavuto. Soshangane, amene anakhazikitsa ufumu wa Gaza, anachoka kwa Azulu m'nyengo imodzimodzi ndi Zwangendaba, uja anawoloka Zambezi mu 1835 n'kukhala kholo la Angoni a ku Mzimba ndi ku Chipata. Mdzukulu wa Soshangane, Ngungunyane, atasamutsira likulu lake kufupi ndi dziko la Achopi mu 1889, anawathira nkhondo zoopsa. Apwitikizi anamugwira mu 1895, koma mtendere womwe unabwera unali wa msonkho ndi chibalo, ntchito yokakamiza yomwe ife tingaifanizire ndi thangata. Pambuyo pake kunabweranso kulima thonje mokakamizidwa. Ndiye mnyamata wa ku Zavala akayang'ana uku chibalo, uku Joni, ankasankha Joni. Golide anapezeka pa Witwatersrand mu 1886, ndipo m'zaka zoyambirira anthu oposa theka la ogwira ntchito akuda m'migodi imeneyo ankachokera kum'mwera kwa Mozambique. Boma la Apwitikizi silinkadandaula, pakuti mbali ina ya malipiro a anthuwo inkafika m'manja mwake ili golide. Athu a ku Nyasaland anachedwerako kuchuluka. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumayiko otentha a kumpoto chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinadzachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ngakhale a selefu sanasiye kubwera wapansi. Pofika nthawi yomwe Wenela inayamba kunyamula Amalawi pa ndege kudzera ku Francistown, timbila zinali zitakhazikika kale m'makomboni.

Tiyambire pa chipangizo chenichenicho, chifukwa kumvetsera kumayambira pomwepo, nyimbo isanabadwe. Thabwa la mbila amalisema kuchokera ku mtengo wolimba wotchedwa mwenje, n'kuliwamba pamoto kuti liume gwa, lizilira bwino. Kunsi kwa thabwa lililonse amamatako ndi phula la njuchi chigoba cha chipatso chija ife timati mateme kapena maye, ndipo pa chigobacho pamakhala kabowo kotsekedwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera n'kumapereka kaphokoso konga ka njuchi. Timbila zilipo za misinkhu yosiyana. Chilanzane ndicho cha mawu aang'ono okwera, sanje ndiyo imachuluka m'gulu ndipo mtsogoleri amakonda kuyimba imeneyo, kenaka dole, dibhinda, mpaka chikhulu, chimphona cha matabwa atatu kapena anayi okha chimene munthu amamenya ali chiimire, mawu ake n'kumakugunda m'chifuwa.

Mmisiri amayamba ndi thabwa limodzi lotchedwa hombe, ndipo mawu ena onse amawayeza kuchokera pa limeneli. Akapala pakati pa thabwa, kunsi kwake, liwu limatsika. Akapala kumapeto, limakwera. Amapala pang'ono, kumenya, kutchera khutu, kupalanso. Chigoba nachonso chiyenera kugwirizana ndi thabwa lake, chifukwa chikakula kapena kuchepa thabwalo limangoti gu, ngati wamenya chitseko. Masitepe a mawu awo ndi 7, otalikirana mofanana, zosiyana ndi gitala kapena kiyibodi ya kutchalitchi. N'chifukwa chake munthu wozolowera kwaya akamva koyamba amayesa kuti sizinachunidwe bwino. Zinachunidwa ndithu, kungoti khutu lakelo ndi lomwe silinafike. Komanso dera lililonse kwawoko linali ndi hombe wakewake, wina wokwera pang'ono, wina wotsika pang'ono. Taganizani tsono za komboni, komwe munthu wa mudzi uwu wakumana ndi wa mudzi uwo. Asanayimbe ngakhale nyimbo imodzi ankayenera kugwirizana kaye liwu limodzi loti onse ayezerepo. Mwenje kunalibe, mateme kunalibe. Ankatola matabwa a pa mgodi ndi zitini zazikulu ndi zazing'ono, n'kuzichuna ndi khutu lomwelo mpaka zitalankhula Chichopi.

Zambiri za momwe mgodo umapekedwera tikuzidziwa kudzera mwa Hugh Tracey, mzungu wobadwira ku England amene anakhala ndi akatswiri a Chichopi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ena mwa iwo Katini ndi Gomukomu, n'kutulutsa buku lotchedwa Chopi Musicians mu 1948. Za Tracey tibwererako, pakuti pali pomuyamikira ndi pomufunsa mafunso. Koma zimene anafotokoza za kapekedwe ka nyimbo n'zofunika kuzitsata pang'onopang'ono.

Wopeka amayamba ndi mawu, chuni chimabwera pambuyo. Pali nkhani yomwe yamukhudza: mfumu yadya za anthu, mnzake wafa, mkazi wachoka, Apwitikizi amenya anthu m'manja ndi thabwa lawo lija la mabowo. Amaiumba nkhaniyo m'mizere yochepa n'kumaibwereza m'kamwa. Chichopi chili ngati Chichewa, mawu amakwera ndi kutsika ndipo tanthauzo limadalira pamenepo. Paja ife tikalemba kuti mtengo wa mango, pa pepala simungadziwe ngati tikunena uja amakwera ana kapena uja timalipira pamsika, koma tikalankhula khutu limadziwa. Choncho wopeka sangaukakamize mzere kulowa m'chuni chilichonse chomwe wafuna. Akatero mawu atha kunena zina. Amamvetsera kaye momwe mawuwo akukwerera ndi kutsikira paokha, ndipo chuni chimatuluka m'menemo. Akatero amakhala pa mbila yake n'kumachifunafuna ndi manja, dzanja lina likuyenda ndi nyimbo, lina likudzaza m'mipata.

Apa nyimbo ikadali ya munthu mmodzi, mgodo sunayambe. Wopekayo amaitana anzake. Amangoyimba, kubwereza, kubwerezanso, anzakewo ali phee. Kenaka mmodzi amalowa, kutsatira kaye zomwe wamva, ndipo akazigwira amayamba kupatuka pa njira ya mtsogoleri n'kupeza yakeyake yoyenda nayo limodzi. Wa dibhinda amafuna pomwe mawu akuluakulu angakhale osaphimba anzake. Wa chikhulu ali ndi matabwa ochepa, ndiye ntchito yake yonse ndi kudziwa nthawi yomenya ndi nthawi yosiya. A maseche, omwe amaima kutsogolo kwa oyimba, amagwira liwiro kuti lisathawe. Aliyense ali ndi ufulu wokometsera mbali yake, koma ufuluwo umathera pomwe wayamba kutseka mpata wa mnzake. Anthuwa anakula choncho: mwana wa Chichopi ankayamba kumva timbila asanazigwire, n'kudzakhala pambali pa bambo kapena agogo ake, manja akutsata zomwe khutu lagwira kale. Munthu waluso koma wosamva anzake, m'gulu lotere ndi katundu chabe. Tonse tikumudziwa munthu wotere, kaya pa kwaya kaya pa msonkhano wa yuniyoni: mnzake akulankhula, iye akungodikira kuti apume mpweya alowepo.

Mbali yomwe ifeyo yatigwira mtima kwambiri ndi ya mtsogoleri wa ovina. Nyimbo ikakhwima amamuitana kuti adzamve. Sabwera ndi masitepe okonzeratu m'thumba. Amakhala pansi n'kumvetsera mpaka thupi litayamba kumuuza pomwe phazi ligwe, pomwe chishango chimenye pansi, pomwe mzere wa ovina utembenuke. Ndiye amakambirana ndi wopeka uja: apa mubwereze kangati, apa tidumphe liti, chizindikiro chosinthira chikhale chotani. Nthawi zina nyimbo imasintha chifukwa cha miyendo, ngakhale kuti miyendoyo inayamba kuyenda chifukwa cha nyimbo. Akamaliza chigawo chimodzi amayamba china, mpaka zitakwana 9, 10 kapena 11. Ndi ntchito ya miyezi imeneyo, ndipo pa mgodi inkachitika madzulo, anthu ataweruka shifiti. Chodabwitsa n'chakuti pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri ankausiya mgodo wonsewo n'kupeka watsopano, poti nkhani za m'mudzi zasintha. Ife tikanati aaa, ntchito yonseyi, tiusunge basi. Iwo chomwe ankasunga ndi luso lopangira wina.

Tsiku lovina, oyimba amakhala m'mizere, timbila zazing'ono kutsogolo, zikuluzikulu kumbuyo, ovina moyang'anizana nawo atanyamula zishango. Amayamba ndi mtsitso, zigawo zotsegulira za timbila zokha, kenaka ovina amalowa. Palibe wokweza dzanja kuti tiyambe kapena tileke. Mtsogoleri amayamba yekha kachidutswa kodziwitsa kuti tikulowa nyimbo iti, pa liwiro lanji, gulu lonse n'kugwera pamodzi. Pofuna kutseka amaponya kachizindikiro m'kati mwa nyimbo momwemo, pakati pa phokoso la timbila zonse zija, maseche ndi zishango zomenya pansi, ndipo aliyense ayenera kukamva uku akuyimba zake. Amene wakaphonya amamenya yekha anzake onse ataima, bwalo lonse n'kumudziwa.

Ndiye pali mzeno. Zikatha zigawo zodumpha ndi za thukuta, liwiro limatsika, ovina amasendera pafupi ndi oyimba, timbila n'kutsitsa mawu kuti nyimbo yaikulu imveke bwino, liwu ndi liwu. Apa ndi pomwe wopeka amaika nkhani yolemera kuposa zonse. Taonani nzeru yake: gule wamphamvu chonchi, koma anamukonza mwakuti m'kati mwake mukhale malo oti anthu onse, oonera omwe, atchere khutu. Nyimbo za mzeno ndi za zigawo zina zinkatchula mafumu osalungama, msonkho, chibalo, ulendo wa ku migodi ndi mabanja otsala kumudzi, nkhani zomwe ife a dziko la matchona sitifuna kuchita kutanthauziridwa. Zomwe munthu sakanatha kunena pamaso pa mfumu kapena mzungu wa boma, zikalowa mu mgodo zinkanenedwa masanasana, mwini wakeyo ali pompo.

Izi si zachilendo kwenikweni kwa ife. Pa bwalo la Gule Wamkulu, woyimba mbalule maso ake amakhala pa mapazi a chilombo, ng'oma n'kumayankha phazi, phazi n'kumayankha ng'oma, amayi akuwomba m'manja ndi kupolokoza nyimbo. Athu ananyamula guleyu kupita naye m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe, komwe akuvinidwa mpaka lero. Pa mangolongondo a Ayao, anthu awiri amakhala moyang'anizana, wina n'kumamenya m'mipata yomwe mnzake wasiya, moti chomwe chimamveka ndi nyimbo yachitatu imene palibe mmodzi wa iwo akuyimba payekha. Valimba ya kuchigwa cha Shire nayonso anthu angapo amagawana chipangizo chimodzi. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza timbila za Achopi kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, chaka chomwecho limodzi ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Kungoti Achopi mchitidwewu anaukulitsa mpaka kufika pa gulu lalikulu ndi zigawo zambiri zolukana.

Nanga eni migodi ankaona chiyani? Ankaona chinthu chowathandiza. M'maganizo mwawo, munthu amene wavina Lamulungu lonse sachita ndewu, saganiza za malipiro, Lolemba amatsika. Anamanga mabwalo ovinira okhala ndi pokhala anthu, ankapereka mayunifomu, n'kumaitana alendo ochokera kunja kudzaonera zomwe ankazitcha magule a mitundu. Magulu ankalowa motsatana, mtundu uliwonse pawokha: Azulu, Axhosa, Abhaca ndi gule wawo wa majombo, Asotho, Ashangani, Achopi. Umu ndi momwenso zipinda za m'komboni zinkagawidwira, mtundu uwu uku, mtundu uwo uko, aliyense ndi induna wake, ndipo tikudziwa amene kugawa kotereku kunkamupindulira ikabuka nkhani ya malipiro. Alendo aja ankajambula zithunzi n'kumawomba m'manja ovina akadumpha kwambiri. Mawu a mzeno, momwe munali nkhani yeniyeni, ankangowadutsa pamwamba pa mutu. Chinenero chomwe bwana ankalankhula ndi anthu ake chinali Fanakalo, ndipo tonse tikuchidziwa: potuma munthu n'chabwino, koma tayesani kufunsira nacho kuti mnzanga, nkhaniyi ukuiona bwanji.

Hugh Tracey ali pakatikati pa nkhaniyi. Mbali ina, anamvetseradi. Anakhala pansi ndi Katini, analemba mawu a nyimbo ngakhale odzudzula Apwitikizi, anatchula opeka mayina awo pa nthawi yomwe azungu ambiri ankati nyimbo za anthu akuda zilibe mwini. Anayenda ndi makina ake ojambulira mawu mpaka kwathu ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958, ndipo mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort, yomwe pano ili pa Rhodes University ku Makhanda. Mawu a agogo athu ali m'menemo. Mbali inayi, ntchito yake inkathandizidwa ndi ndalama za makampani a migodi, ndipo buku lake la 1952 lonena za magule a pa migodi ya golide linkagwirizana bwino ndi chithunzi chomwe eni migodi ankafuna, cha anthu osangalala, aliyense mu mtundu wake. Ife tikuona kuti zonse ziwiri n'zoona, ndipo sititaya china pofuna kuti nkhani iphweke. Khutu lake linali lakuthwa pa hombe kuposa pa malipiro a munthu womenya hombeyo.

Pali chinthu china chomwe ife ogwira pansi sitingachidumphe. Mgodi umadya makutu. Lamulo la lero limaika malire a phokoso pa madesibelo 85 pa shifiti ya maola 8, pamene mchini wa mphepo wobowolera mwala umapitirira 100. M'masiku a Wenela anthu ankaugwira mchiniwo makutu ali osatseka. Ndiye ganizirani munthu amene wakhala tsiku lonse m'phokoso lotero, watuluka m'makutu muli nzii, madzulo akukhala pansi kusiyanitsa thabwa lomwe lakwera pang'ono ndi lomwe lili bwino. Chomwe mgodi unkamulanda ndi chomwecho chimene luso lake linkadalira. Komabe mgodi womwewo umaphunzitsa kumvetsera mwa njira yake. Tisanayambe ntchito timagogoda denga ndi chitsulo chachitali: mwala wabwino umalira ngwee, womasuka umayankha ngati ng'oma yobooka, ndipo ukamva choncho suima pansi pake. Akale ankakonda mitengo yochirikizira denga chifukwa imalira isanathyoke. Amene wamva amakuwa, gulu lonse n'kuthawa, ndipo palibe amafunsa ngati wakuwayo ndi Mshangani kapena Mnyasa. Pansi timamverana, chifukwa tikapanda kutero tifa. Zimavuta tikatuluka m'kheji.

Lero m'hositelo kapena m'tizipinda tomwe tikuchita lendi, aliyense ali ndi foni ndi timawaya m'makutu, uyu akumvera Lucius Banda, uyo Alick Macheso, winayo amapiano. Sitikunyoza ayi, nyimbo ya kwanu ikakupeza kutali imachiza. Koma kumvera kotereku n'kwa munthu mmodzi, sikufuna kuti usiyire mnzako mpata. Mnzathu wa ku Inhambane amene timatsika naye tsiku ndi tsiku, mwina agogo ake ankamenya sanje pa bwalo lomwe agogo athu ankaonera, koma timangodziwana ndi dzina la ntchito basi. Chipwirikiti chothamangitsa alendo chikabuka, monga mu 2008 ndi 2015, othamangitsawo sasiyanitsa kuti uyu ngwa ku Zavala, uyu ngwa ku Mangochi.

Tibwerere ku mbiri. Zaka za m'ma 1970 zinasintha zambiri. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, pafupifupi onse Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu. Pa nthawiyo Amalawi m'migodi ya kuno anali oposa 100,000. Chaka chotsatira Mozambique inalandira ufulu, ndipo posakhalitsa chiwerengero cha olembedwa kuchokera kumeneko chinatsika kwambiri. Kwawo kwa Achopi, timbila sizinayendere bwino. Magulu ambiri ankasungidwa ndi mafumu, ndipo boma la Frelimo linalanda mafumu mphamvu powaona ngati zida za atsamunda. Kenaka nkhondo ya pachiweniweni, yomwe inadzatha mu 1992, inabalalitsa midzi. Luso lotereli silisungika mwa munthu mmodzi. Limafuna anthu ambiri azikumana madzulo ndi madzulo, ndipo zimenezo sizitheka anthu akugona kutchire. Zinafika poti ena mwa malo ochepa omwe mgodo wathunthu unkapekedwabe mwadongosolo anali makomboni a pa migodi, malo omwe aja a mpanda ndi chipata.

Dzina loti tilisunge apa ndi la Venancio Mbande, wobadwira ku Zavala m'zaka za m'ma 1930, amene anabwera ku migodi ya South Africa ali mnyamata n'kukhala kuno zaka makumi angapo. Anali wopeka, mmisiri wosema timbila komanso mtsogoleri wa gulu, ndipo zaka zake zomaliza kuno anali pa mgodi wa pulatinamu kufupi ndi Rustenburg. Anagwira ntchito limodzi ndi Andrew Tracey, mwana wa Hugh, ndipo anakayimba mpaka ku Ulaya. Nkhondo itatha, chapakati pa zaka za m'ma 1990, anabwerera ku Zavala n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata zomwe anasunga m'komboni. Anamwalira mu 2015.

Ku Quissico chaka chilichonse mu Ogasiti kumachitika chikondwerero cha timbila chotchedwa M'saho, magulu a m'midzi n'kumasonkhana kudzaonetsa migodo yawo. Madandaulo a kumeneko pano ndi akuti mwenje wachepa chifukwa chodula mitengo, ndiponso amisiri ambiri odziwa kusema ndi kuchuna ndi okalamba. Amene tchuthi chanu chimagwa mu Ogasiti ndipo muli ndi mnzanu wa ku Inhambane pa shifiti, tamufunsani za basi ya ku Quissico. Kuchokera ku Maputo ndi ulendo wosakwana tsiku limodzi.